Zipolopolo Zisanu m'Denga la Khitchini

Mkuwa uli ndi fungo lake. Ukaukwecha ndi phulusa ndi madzi a ndimu, umasiya m'zala kafungo kowawasa kamene sikatha msanga, ngakhale usambe m'manja kawiri. Mpaka lero ndikagwira belu lakale la kusukulu n'kununkhiza dzanja, ndimangopezeka ndili ku Twapia, kumalekezero a tauni ya Ndola, m'chilimwe china cha nthawi ya nkhondo yaikulu ya Azungu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, miyendo ili mbuu ndi fumbi, m'mutu muli zovina zokhazokha. Dzina langa ndine Esinati, koma chaka chimenecho Amayi ankanditchula kuti Namiyendo, chifukwa pansi sindinkakhalapo.

Nyumba yathu inali ya zidina zimene Atate anaumba okha, ndipo denga lake linali la migolo yophwanya, poti udzu pamwamba pa ana awo anaukana. Udzu unatsala pa khitchini pokha, kanyumba kozungulira ka phaso la nsungwi, kakuda bii m'kati ndi mwaye. Kuseri kunali chulu. Sindikunena tizulu ta kwathu ku Nyasalande timene Amayi ankasimba, ayi, ndikunena chulu cha kuno kumigodi, chachitali kuposa nyumba, mitengo itamera pamwamba pake. Masana nyenje zinkalira mpaka makutu kuchita kugontha. Mango anali akadali aawisi, ife n'kumawadya ndi mchere wakuba, mano kuchita dzanzi. Panyumba tinkayankhula Chinyanja, koma tikangodutsa mpanda wa nkhadze tinkayamba Chibemba, osazindikira n'komwe kuti tasintha.

Atate, a Mbewe, anachoka ku Dowa ali mnyamata kudzafuna ntchito kumigodi. Ku Nkana anagwira zaka zambiri m'nyumba yosungiramo wonga wophulitsira miyala, ndipo anatulukamo ndi zala zawo zonse khumi, chimene sichinali chinthu chamasewera masiku amenewo. Nkhondo itabuka, asilikali anamanga nyumba zosungiramo zipolopolo kunja kwa Ndola, kufupi ndi njanji, ndipo ankafuna munthu wodziwa kuopa moto. Anapeza Atate nawapatsa ukapitawo. Malowo aliyense ankangoti kumagazini.

Ine kumagazini ndinali ndisanapondeko, koma ndinkakudziwa bwino lomwe, poti Atate sankatopa kukusimba. Nyumba zake zinali zotalikirana, iliyonse itazingidwa ndi mtumbira wautali wa dothi, kuti ina ikaphulika mphamvu yake ipite kumwamba, isakhudze inzake. Udzu wonse wozungulira ankaupala ndi makasu mpaka dothi lofiira kuoneka. Mabokosi sankagona pansi, ankawasanja pa matabwa kuti mphepo izidutsa kunsi, chinyezi ndi chiswe zisafike. Pageti munthu ankasiya machesi, kaliwo, mpeni, ngakhale nsapato za misomali, chifukwa msomali ukakhula mwala umathetheka moto. Pakhomo lililonse panali ndowa zofiira, ina ya mchenga, ina ya madzi, ndipo pamwamba panali chitsulo cholandira mphezi.

Vuto linali lakuti Atate akaweruka, magazini yonse ankabwera nayo kunyumba. Machesi a Amayi ankakhala m'chitini chotseka. Palafini kwina, nkhuni kwina, mapazi khumi kuchokera ku khitchini, ochita kuyeza ndi mwendo. Fodya anasiya, kaliwo n'kupatsa mnzawo. Pakhonde panali ndowa ya mchenga imene sinagwirepo ntchito ina koma yoti nkhuku ziziikiramo. Amayi, Nabanda, anali munthu wa nthabwala zosatha. Akafuna kusonkha moto ankaima njo pakhomo la khitchini, chipande chili paphewa, n'kufuula kuti, "Akapitawo, tipatseniko chilolezo, ana ali ndi njala!" Atate ankayesa kukwinya nkhope, koma masaya ankawaulula.

Panali lamulo limodzi limene ngakhale Amayi sankaliseka. Wantchito wa kumagazini akapezeka ndi chipolopolo kunyumba, chimodzi chokha, panalibe zokambirana. Inali ndende, ndipo akatuluka, iye ndi banja lake lonse pa lole kubwerera kumudzi. Atate anatiuza zimenezi kangapo, pang'onopang'ono, akutiyang'ana m'maso. N'chifukwa chake madzulo aliwonse mlongo wanga Yotamu, amene ankandiposa zaka zitatu, ankaima pakhomo manja ali m'mwamba, Atate n'kumamupisa m'matumba a kabudula. Munkatuluka misomali, legeni, ziwala zopanda miyendo, koma chipolopolo ayi. Ine sanandisechepo ngakhale tsiku limodzi. Diresi langa linalibe matumba, ndipo Atate, ndi nzeru zawo zonse za mabokosi ndi mitumbira, sanaganizepo kuti mwana wamkazi amasunga chuma chake pa mfundo ya nsalu.

Mnzanga wapamtima anali Firomena, mwana wa a Zulu, anansi athu ochokera ku Katete. Iwo anali Akatolika oseka mokweza, ife Apresibiteriyani osavina, ndiye mukhoza kudziwa nokha mbali ya mpanda imene ndinkaswera. Chaka chimenecho asilikali atsopano ankaphunzira kuombera kutsidya kwa mtsinje wa Kafubu. Akamaliza ankatola makoko a zipolopolo, timabotolo tamkuwa timene timatsala mfuti ikalira, koma udzu unkawabisira ena. Ife popita ku nkhuni tinkakhotera komweko, maso pansi, ndipo pobwerera mfundo za nsalu zathu zinkakhala zotupa.

Ha, koma chilimwe chimenecho tinasangalala! Makokowo tinkawakwecha kuseri kwa nyumba ya a Zulu mpaka aziwala psuu. Ukaika limodzi pa mlomo wam'munsi n'kuuzira, linkalira mluzu wakuthwa woti galu wa khomo lachisanu adzuke. Kenaka Firomena anatulukira nzeru yoboola ndi msomali, n'kuwatunga pa luzi, n'kumanga mu akakolo. Ukaponda kamodzi, wejere! Ukadumpha, wejere wejere! Posakhalitsa atsikana a mzere wathu wonse anali nawo, Abemba, Alamba, Ansenga, ndipo dzuwa likapendeka tinkavina pabwalo la a Zulu, amake Firomena akuomba m'manja ndi kutinyoza kuti tili ndi chiuno chouma. Fumbi linkakwera mpaka m'mano. Atate ankamva phokosolo kutsidya kwa nkhadze, koma ankayesa ndi zotsekera mabotolo, ndipo ine sindinaone chifukwa chowakonzera maganizo.

Tsiku lina tikuchokera ku nkhuni, pamalo pamene malole a asilikali ankawolokera mtsinje, chala changa chakuphazi chinagunda kanthu m'fumbi. Ndinatula mtolo n'kufukula. Zinali zisanu, zolumikizidwa pa kachitsulo kakuda, ndipo sizinali makoko. Zinali zathunthu, chilichonse ndi mutu wake wosongoka, zolemera m'dzanja, zozizira ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Firomena anabwerera m'mbuyo.

"Awe, Esinati, taya! Izo n'zamoyo," anatero.

Ndinkadziwa kuti n'zamoyo. Lamulo la Atate ndinkalidziwa pamtima kuposa katekisimu. Sindinganame kuti ndinali mwana wosazindikira, ayi, ndinali mwana wa maso aumbombo. Chinthu chokongola chotere ndinali ndisanakhalepo nacho, ndipo panalibe mtsikana wina ku Twapia konse amene anali nacho. Ndinati ndingosunga masiku awiri, ndizikweche, ndizione zikuwala, kenaka ndikaponye m'madzi. Ndinamanga pa nsalu, n'kusenzanso nkhuni zanga.

Firomena anakaniratu kuti zimenezo zisalowe kwawo, choncho ndinafunika malo anga. Ndinadikira kuti Amayi apite ku mpopi, ndinakwera pa mtondo, n'kuzilowetsa pakati pa nsungwi ndi udzu, pamwamba penipeni pa khomo la khitchini. Ndipo ndinadzitama mumtima, poti malowo ndinawasankha ndi nzeru za Atate omwe: pouma, pamwamba, chiswe sichifikapo, ana sangapafikire. Chimodzi chokha ndinaiwala, chakuti kunsi kwake kumayaka moto katatu pa tsiku.

Masiku awiri aja anasanduka sabata, sabata n'kukhala milungu itatu. M'mawa uliwonse ndikamasesa ndinkakwera pa mtondo kukazikhudza, mtima n'kukhala m'malo. Madzulo, Atate akamapisa Yotamu m'matumba, ine ndinkayang'ana kumbali. Ndinkaona lole m'maganizo, Amayi atakhala pa mitolo, Firomena akutsalira pamsewu. Ndinkalumbira kuti mawa ndikataya. Kukacha, ng'oma ya m'miyendo inkaitana kwa a Zulu, ine n'kuiwala zonse.

Nthawi yomweyo panyumba panali chikonzekero chachikulu. Khanda lathu, Samisoni, linali loti libatizidwe Lamulungu, ndipo Atate, amene anali mkulu wa mpingo, anaitana abale onse a ku Nkana. Amayi anasoka kamkanjo koyera kuchokera ku thumba la ufa, atalichapa ndi kuliyanika mpaka zilembo zonse kufufutika. Chimera chinayanikidwa pa mphasa, ife n'kumapirikitsa nkhuku, zina mwa izo zosadziwa kuti masiku awo atha. Lachisanu alendo anatsika sitima ndi mitolo ndi ana, nyumba n'kudzaza mpaka pakhonde. Loweruka m'mawa Amayi ndi amake Firomena anatereka mgolo wa thobwa pabwalo, kutali ndi khitchini monga mwa lamulo la akapitawo. Pabwalo ponse pankanunkhira chimera ndi utsi wa nkhuni za msuku.

Cha m'ma thuu koloko, Atate ataweruka kale, kamvuluvulu anatulukira kumsewu. Ana tonse tinamuthamangira tikukuwa, monga tinkachitira nthawi zonse. Koma ameneyu sanapite njira yake. Anakhota, n'kudutsa pakati penipeni pa moto wa thobwa, n'kunyamula makala ndi masamba oyaka, n'kukamwaza pa denga la khitchini. Udzu wa mwezi wa Okutobala sufunsa kawiri. Tisanatseke pakamwa, lawi linali litakwera kale kumsonga.

"Moto! Umulilo!" Anthu anakuwa m'zilankhulo zonse. A Zulu analumpha nkhadze khasu lili m'manja kuti agwetse udzu. Amuna ena anabwera ndi nthambi zaziwisi. Yotamu ananyamula ndowa ya mchenga ija, nkhope ikuwala, poti tsiku la ndowayo linali litafika. Ndipo Amayi anapatsira mlendo wina khanda, anakwinda nsalu, n'kulunjika pa khomo la khitchini, chifukwa m'katimo munali dengu la ufa wa phwando ndi miphika yonse yobwereka.

Ine miyendo inauma. Namiyendo uja, kuima chilili! Ndikayankhula, anthu onsewa amva, ndiye kuti Atate ndende, ife lole. Ndikakhala chete, Amayi akaima pansi penipeni pa zinthu zija, moto uli pamwamba pawo. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikukumbuka n'chakuti ndinaona chidendene cha Amayi, chong'aluka ndi chilimwe, chikuyandikira pakhomo paja, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Amayi, musalowe! Muli zipolopolo m'dengamo!"

Atate anatembenuka, ndipo sanandifunse kuti zachokera kuti kapena waika ndani. Anagwada kuti nkhope yawo ifanane ndi yanga.

"Zingati?"

"Zisanu."

"Zazikulu bwanji?"

Ndinawaonetsa chala chawo chomwe chamkombaphala. Anaimirira n'kutulutsa mawu amene ndinali ndisanawamvepo panyumba, mawu a kuntchito. "Aliyense kuseri kwa chulu! Siyani khitchini ipse! A Zulu, tayani khasu!" Amayi anati ayambe za ufa, Atate anawagwira padzanja n'kuwakoka. Aka kanali koyamba kuona Atate atagwira Amayi pamaso pa anthu, ndipo ngakhale pakati pa mantha ndinachita nako chidwi.

Tinaunjikana kuseri kwa chulu, alendo a ku Nkana, anansi, ana, ngakhale galu wa a Zulu. Atate anatiuza kuti aliyense afulatire, wosasuzumira. Poyamba zinaphulika nsungwi, pho, pho, monga zimachitira zikapsa, ndipo azimayi ankalumpha ndi kuitana Mulungu, wina Lesa, wina Maria. Atate ankangopukusa mutu. Kenaka kunamveka kulira kwina, kouma, kwakuthwa. Thwa! Atate anakweza chala chimodzi. "Wanu," anatero, akuwerenga m'Chizungu. Thwa! "Thuu." Pofika chachitatu tonse tinali tikuwerenga nawo, ana mokweza kuposa akulu. Chachinayi chinabwera ndi mawu ena, kanthu katagunda mgolo wa thobwa, ngwee, amake Firomena n'kulira kuti, "Mayo, thobwa langa!" Chachisanu chinachedwa. Tinadikira, thukuta lili kamukamu, denga linagwera m'kati, a Zulu anayamba kundiyang'ana ngati mwana wosadziwa kuwerenga. Ndiye thwa! "Faifi!" tinakuwa tonse, ndipo azimayi anayamba nthungululu ngati kwabadwa mwana. Atate sanalole munthu kutuluka mpaka malawi onse atagona.

Khitchini inatsala zipupa zokha. Ufa unapsa, miphika iwiri inasweka, koma panalibe munthu amene anakalika ngakhale pang'ono. Mgolo wa thobwa unangotuwa pamene kanagunda kachidutswa kaja, osabooka. A Zulu anaugwiragwira modabwa, n'kufunsa kuti zatheka bwanji chipolopolo cha nkhondo kulephera mgolo.

"Mphamvu ya chipolopolo ndi mfuti," anatero Atate, akufukula phulusa ndi kamtengo. "M'mfuti wonga ulibe kothawira, ndiye umakankha mutu. Pamoto khoko limangong'ambika, mutu ndi wolemera, umagwa pompo. Chimene chimauluka ndi tizidutswa tamkuwa. Patali sitipha munthu, koma diso timaboola, makamaka la munthu amene waima pakhomo." Amayi anagwira chikope chawo. Atate anapitiriza kuti, "Zikanakhala zazikulu zija timasunga uko, chulu ichi sichikanatithandiza."

Apa m'pamene anthu anakumbukira lamulo lija, poti ku Twapia aliyense ankalidziwa. Kuseka kunatha. A Zulu anakhosomola, anayang'ana anthu onse mmodzimmodzi, n'kunena kuti, "A Mbewe, ife pano tamva nsungwi zokhazokha. Si choncho, anthu inu?" Onse anavomera pamodzi mwaulemu wa Chibemba kuti, "Nsungwi, mukwai." Mtima wanga unalumpha ndi chimwemwe, ndinati basi tapulumuka. Koma Atate anapitiriza kufukula mpaka anapeza mitu yonse isanu ndi makoko ong'ambika, nazimanga m'kampango kawo. Anathokoza a Zulu ndi manja awiri. Kenaka anati mawa akaimirira pamaso pa mpingo mwana ali m'manja, ndipo munthu wosunga kiyi ya kumagazini sangakhale ndi kanthu kobisa. Anati Lolemba apita okha kukanena.

Ndinadikira chikwapu tsiku lonse. Amayi anandikoka khutu mpaka misozi, kenaka anandikumbatira mwamphamvu mpaka kubanika, kenaka anandikokanso khutu linalo. Atate anangondiitana dzuwa likulowa, ine n'kuulula zonse, ndi za makoko a m'miyendo zomwe. Anamvetsera mpaka pamapeto. "Wachita bwino kukuwa," anatero. "Zinazo tikakamba Lolemba. Upita nane."

Koma Lamulungu lija, abale! Sindinaonenso ubatizo wotero. Nkhani inali itafika mzere uliwonse, ndipo m'mawa azimayi anayamba kubwera, wina ndi mbale ya ufa, wina ndi mphika, wina ndi nkhuni, mpaka ufa unachuluka kuposa umene unapsa. Zophika zonse zinasamukira kwa a Zulu, Akatolika kuphikira phwando la Apresibiteriyani. Kutchalitchi Samisoni anayetsemula madzi atamugwera pamphumi, mpingo wonse n'kuseka, abusa omwe. Thobwa linkanunkha utsi, ndipo alendo analitcha thobwa la nkhondo, aliyense n'kumafuna kumwera pafupi ndi pamene panagunda kachidutswa paja. Yotamu ankasimbira anyamata anzake nkhaniyo, zipolopolo zikuchulukirachulukira pa kusimba kulikonse.

Madzulo ake, amake Firomena anabweretsa lichero lodzaza ndi zovinira zathu zonse, atazilanda mzere wonse. Atate anakhala pa mpando, anatenga khoko lililonse, kulisuzumira m'kati, kuligwedeza pakhutu, kuliika pambali. Atamaliza anatiyang'ana atsikana tonse titandanda ndi nkhope zamaliro. "N'zakufa izi," anatero. "Mawa zibwerera kwa eni ake. Lero vinani." Inu! Tinavina pabwalo lathu lomwe, pafupi ndi zipupa zakuda za khitchini, mpaka Amayi anakwinda nsalu n'kulowa m'bwalo, alendo akukuwa. Ndipo ine ndi maso angawa ndinaona phazi la mkulu wa mpingo likugunda pansi kunsi kwa mpando.

Lolemba tinanyamuka dzuwa litangotuluka. Atate anavala malaya awiri ndi jekete pamwamba, mwezi wotentha ngati umenewo, ine n'kuwaseka. Amayi sanatiperekeze, anangoima pakhomo khanda lili pachifuwa. Ndinkayembekeza ulaliki njira yonse, koma sunabwere. Atate anandigwira dzanja kuchokera pa nkhadze, osalisiya. Pa sitolo ya Mmwenye anandigulira banzi lalikulu, lotentha, la shuga pamwamba, nthawi imene shuga ankasowa ngati chiyani. Pa njanji anaima dala kuti sitima idutse, anandinyamula kuti ndione bwino, tikuwerenga mabogi limodzi. Anandiuza mayina a mapiri a ku Dowa, dzina la amayi awo, ndi mmene anagwera mu mtengo wa masuku ali msinkhu wanga. Anandiuza kuti ndiziwathandiza Amayi kutunga madzi osadikira kutumidwa. Chibadwire ndinali ndisanakhalepo ndi Atate ndekha, popanda Yotamu, popanda khanda. Ndinkayenda modumphadumpha.

Kumagazini ndinaona zonse zija ndi maso: mitumbira, dothi lofiira lopalidwa, ndowa zofiira zitandanda. Anatilowetsa m'kaofesi ka pageti, mmene munali kaputeni wachizungu wofiira khosi ndi sajeni wachikulire wa kwathu ku Nyasalande womasulira. Atate anaika lichero pansi, kampango patebulo, nafotokoza zonse ataima njo. Kenaka inali nthawi yanga. Ndinasimba za pamtsinje, za mtondo, ndikuonetsa ndi manja mmene ndinakwerera. Kaputeni anafunsa kuti n'chifukwa chiyani ndinasankha denga. Ndinayankha molimba mtima kuti zipolopolo sizigona pansi, zimafuna pouma, pamwamba, posafika chiswe. Sajeni anayamba kumasulira, koma sanamalize. Anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Kaputeni atamva zonse anatseka pakamwa ndi dzanja kwa kanthawi, kenaka nkhope inaumanso. Analamula kuti mabokosi onse a m'nyumba zimene Atate ankasunga aonedwe, lililonse palokha, ngati pali limene linatsegulidwapo. Kiyi ya Atate anaitenga n'kuiika m'dirowa.

Ine anandikhazika pansi pa mtengo kunja kwa geti. Ndinaswera pamenepo ndikusewera ndi nyerere, mlonda akundiphunzitsa kupereka sawatcha, osadandaula chilichonse. Dzuwa litapendeka Atate anatuluka. Jekete linali pamkono, kiyi ikulendewera pa lamba. Mabokosi onse anapezeka ali chitsekere, ndipo zisanu zija zinali zogwa pa lole ya ophunzira kuombera. Anangondinyamula n'kundikhazika pamapewa, chimtsikana chonse cha zaka zisanu ndi zinayi, miyendo ikulendewera mpaka m'chiuno mwawo, n'kuyenda nane choncho mtunda wautali. Tikutulukira ku Twapia, Amayi anali ataima pa nkhadze. Atationa tonse awiri anangokhala pansi pafumbi pomwepo, akuseka, misozi ili chuchuchu. Madzulo amenewo Atate atamaliza kupisa Yotamu anati, "Esinati, masula mfundo." Yotamu anavina ndi chimwemwe.

Kwa zaka zambiri nkhani imeneyi ndinkaisimba ngati tsiku limene Atate anandiyendetsa m'tauni. Atate atamwalira, ine ndili kale ndi ana anga, m'pamene Amayi anandiuza mbali inayo, tikusenda nyemba pakhonde. Malaya awiri aja ndi jekete zinali zoti akagonere pa simenti ya m'chitokosi, imene imazizira ngakhale m'chilimwe. A Zulu anatitsatira chapatali njira yonse, ndipo anaswera kuseri kwa njanji, kuti Atate akapanda kutuluka iwo andibweretse kunyumba. Amayi tsiku limenelo sanaphike, anali atayamba kale kumanga mitolo. Atate sankadziwa ngati adzagonanso m'nyumba yawo, ndipo anawauza Amayi kuti sakufuna kuti mwana adzakule akukumbukira kuti anamangitsa bambo ake, iwo atamukwiyira.

Ine ndinkati akundiyendetsa, pamene iwo ankanditsanzika. Banzi lija ndinadya ndekha lonse, osawanyemerako ngakhale pang'ono.